Chuma Chobisika M'zidutswa za Nsalu: Luso Losoka Zakale Kukhala Zatsopano

Tsiku la msika likamatha pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu, dzuwa litapendeka, ogulitsa kaunjika amayamba kulongedza. Zovala zabwino zimakhala zitapita m'mawa. Zotsala pamulu ndi zija aliyense wazitola n'kuzibwezera pansi: thalauza la jinzi long'ambika pabondo, malaya aakulu mopitirira muyeso, diresi yothimbirira kutsogolo, jekete lakufa zipi. Mwini wake amazitsitsa mtengo mpaka kutsala pang'ono kuzipereka ulele. Chapafupi pomwepo, pakhonde la golosale, telala naye amakhala akusesa zidutswa za zitenje zimene zagwa pansi pa makina tsiku lonse, ndipo zambiri zimakathera kudzala kapena pamoto.

Pamsika womwewo pamakhalanso achinyamata amene alibe chogwira: mtsikana amene anasiya sukulu atatenga pathupi, mnyamata wolumala miyendo amene sangathe ganyu wa kumunda, mwana wamasiye amene sukulu inamukanika chifukwa cha fizi. Nkhani ino ikufotokoza mmene nsalu zotayidwazo zingakhalire khomo lolowera pa ntchito ya utelala kwa achinyamata oterewa, zimene maphunziro ake ayenera kukhala nazo kuti apindule, komanso mbali imene ife okhala m'mawadi tingatengepo.

Kodi ntchito imeneyi ndi yotani?

Kugwiritsanso ntchito nsalu yakale si chinthu chachilendo kwathu kuno. Amayi athu akhala akuika zigamba pa zovala, kupota nkhata ndi nsanza, ndiponso kung'amba chitenje chakutha kuti chikhale matewera a mwana. Chatsopano n'chakuti ntchitoyi ichitike mwaluso, ndi muyeso ndi kapangidwe koganiziridwa bwino, kotero kuti chotulukapo chikhale chamtengo woposa wa chinthu chimene chaphwasulidwa. Kuika chigamba pa thalauza ndi kukonza chabe. Koma kuphwasula thalauza lomwelo, kudula miyendo yake n'kusokamo chikwama cha mabuku cholimba, chokhala ndi matumba ndi lamba, ndiko kupanga chinthu chatsopano chimene munthu angachigule osadziwa n'komwe kuti chinali chotayidwa.

M'mayiko ambiri ntchito imeneyi yakula mpaka kukhala gawo la malonda a zovala za fashoni. Kwa ife phindu lake lalikulu lili poti imatsitsa mtengo wophunzirira ndi woyambira bizinesi.

Nsalu zotsalazi zimachokera kuti?

Kale zovala zambiri m'midzi mwathu zinkasokedwa ndi atelala kuchokera ku nsalu yogula m'sitolo, ndipo yambiri inkapangidwa ku fakitale ya David Whitehead and Sons mumzinda wa Blantyre, imene inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa, zovala zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja zinayamba kulowa mwaunyinji. Dzina lakuti kaunjika linabadwa chifukwa cha mmene amazigulitsira, mongoziunjika pansi. Anthu anapeza zovala zotsika mtengo, koma atelala ambiri ntchito inawachepera.

Wogula belo la kaunjika saona za m'kati mpaka atalimasula. M'belo lililonse mumapezeka zovala zoyenda malonda msanga, zapakati, ndi zina zosagulika konse. Vutoli si la kuno kokha. Pa msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra ku Ghana, umene ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya kaunjika padziko lapansi, bungwe la The Or Foundation limayerekeza kuti pafupifupi zovala 40 mwa 100 zilizonse zolowa pamsikapo zimatuluka ngati zinyalala. Pamsika womwewo pali osoka ambiri amene amapeza chakudya posandutsa zotsalazo kukhala zovala zatsopano.

Kuno kwathu mtengo wa nsalu ndi wa mabelo wakwera kwambiri, makamaka ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anachita zionetsero mumzinda wa Lilongwe podandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Pamene nsalu ikudula chonchi, kutentha chidutswa chimene chikanatha kusokedwa ndiko kutentha ndalama.

Chifukwa chake njirayi ikuyenera achinyamata otsalira

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Lilongwe, osawerengera mzinda, lili ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu ndi osakwana zaka 18. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Minda ikuchepa pamene mabanja akukula, choncho si wachinyamata aliyense amene adzadalire khasu.

Dera lathu lili ndi mwayi wokhala ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, imodzi mwa sukulu zikuluzikulu za mtunduwu m'dziko muno. Koma malo m'sukulu zoterezi ndi ochepa, ndipo kuti munthu asankhidwe kudzera m'ndondomeko ya bungwe la TEVETA amafunika satifiketi ya MSCE. Wachinyamata amene analekezera Sitandade 7 amakhala atatsekeredwa kunja asanagogode n'komwe. Njira yomutsalira ndi yophunzira kwa mmisiri wa pamsika, ndipo apa chimene chimavuta kawirikawiri ndi nsalu yophunzirira. Telala sangalole wophunzira kudula chitenje cha kasitomala, ndipo wophunzirayo alibe ndalama yogulira chake choti alakwitsirepo. Zotsatira zake amatha miyezi akungosita ndi kuika mabatani.

Nsalu yakale imachotsa chopinga chimenechi. Wophunzira angadule, kulakwitsa, kumasula msoko n'kuyambiranso popanda mantha, ndipo zimene wasoka pophunzira zikhoza kugulitsidwa. Komanso ntchitoyi imagwirika munthu atakhala pansi pamthunzi. Mayi wachitsikana angaigwire mwana ali pambali. Amene miyendo yake singathe kupalasa makina angagwiritse ntchito makina opukusa ndi dzanja. Amene samva angaphunzire poona. Kwa achinyamata achialubino, amene dzuwa limawononga khungu lawo, ntchito ya pamthunzi ndi yoteteza moyo, bola pamalopo pakhale powala mokwanira chifukwa ambiri a iwo amavutika kuona.

Zimene ena achita kale

Sitikunena za maloto ayi, chifukwa pali ena pafupi nafe amene ayenda kale njira yofanana nayo. Ku Chinsapo, m'mbali mwa mzinda wa Lilongwe, kuli malo osokera zovala a Mayamiko, amene anayambitsidwa ndi Paola Masperi. Malowa amaphunzitsa utelala amayi ochokera m'mabanja ovutika, amasoka zovala kuchokera ku zitenje zogula m'misika ya konkuno, ndipo amatsatira mfundo yosataya nsalu: zidutswa zotsala zimasandutsidwa tinthu tina, kuphatikizapo mapadi ochapa a atsikana. Mu Sepitembala 2019, Meghan, mkazi wa Prince Harry wa ku Britain, anavala diresi ya Mayamiko ali pa ulendo ku Cape Town m'dziko la South Africa, ndipo dzina la malowa linamveka padziko lonse. Phunziro lake ndi lakuti chovala chosokedwa m'dera losauka chingafike patali ngati msoko wake uli woongoka.

Kwa anansi athu ku Dowa, pafupi ndi msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, bungwe la There is Hope limaphunzitsa ntchito zamanja, kuphatikizapo utelala, kwa othawa kwawo ndi Amalawi a m'midzi yozungulira, ndipo amisiri a Kibébé amasoka zikwama, zidole ndi zinthu zina za chitenje zimene zimagulitsidwa mumzinda ndi kunja. Bungwe la DAPP, limene ambiri timalidziwa chifukwa cha masitolo ake a kaunjika, lili ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Nalo bungwe la boma loona za anthu aulumali, limene lakhala likudziwika ndi dzina lakuti MACOHA, kwa zaka zambiri lakhala ndi fakitale yoluka nsalu ku Bangwe imene imagwiritsa ntchito anthu aulumali.

Malo onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: saphunzitsa kupalasa makina kokha, koma amalumikiza maphunziro ndi msika.

Maphunziro ake ayenera kuyenda motani?

Gawo loyamba ndi kudziwa nsalu. Wophunzira ayenera kusiyanitsa nsalu ya thonje ndi ya nayiloni, yotamuka ndi yosatamuka, yolemera ndi yopepuka. Njira yapafupi yoyesera ndi kutentha kachidutswa kakang'ono: thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene nayiloni imasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki. Izi n'zofunika chifukwa nsalu zosiyana khalidwe zikalumikizidwa, chovala chimakhwinyata pambuyo pochichapa koyamba, ndipo kasitomala sabweranso.

Gawo lachiwiri ndi ukhondo ndi kuphwasula. Chovala chilichonse chakale chichapidwe ndi sopo, chiyanikidwe padzuwa n'kusitidwa chisanafike pa makina. Kenako chimasulidwe motsata misoko, osati kung'ambidwa, kuti nsalu ituluke yaikulu. Zipi zamoyo, mabatani, matumba ndi lasitiki zisungidwe padera m'zitini, chifukwa chilichonse mwa izi ndi ndalama imene ikanapita ku sitolo.

Gawo lachitatu ndi kudula. Pano ndi pamene pagona luso. Wodula nsalu yatsopano amayamba ndi chimene akufuna kusoka, koma wodula yakale amayamba ndi chimene ali nacho m'manja, n'kudzifunsa kuti mungatuluke chiyani. M'miyendo iwiri ya jinzi mumatuluka chikwama cha sukulu, ndipo lamba wa m'chiuno mwake amakhala chonyamulira. M'malaya aakulu a bambo mumatuluka diresi ya mwana, mabatani ali kale m'malo mwake. Nsalu yakale yoyala pabedi imakhala yoika m'kati mwa zikwama ndi masiketi. Zidutswa za zitenje zikadulidwa muyeso umodzi n'kulumikizidwa mosamala mitundu, zimapanga chofunda, siketi kapena malaya okongola amene palibe wina angakhale ndi ofanana nawo. Mapatani odulira akhoza kupangidwa ndi makatoni akale a m'golosale, ndipo podula pasiyidwe malo a msoko osachepera sentimita imodzi.

Gawo lachinayi ndi kusoka ndi kusamala makina. Nsalu iliyonse ili ndi singano yake: ya nambala 14 imakwanira pa chitenje, koma jinzi imafuna ya nambala 16 kapena 18. Wophunzira adziwe kuthira mafuta, kuchotsa fumbi la nsalu pansi pa bobini, ndi kukonza ulusi ukamaduka kapena ukamadumpha. Makina ambiri ali chikhalire m'nyumba za anthu chifukwa cha vuto laling'ono limene mwini wake sanaphunzitsidwe kulikonza.

Pomaliza, palibe chotaya. Tizidutswa tosasokeka timalukidwa pa chiguduli kapena pa thumba la feteleza lochapidwa bwino n'kukhala chopondera cha pakhomo, tina timapanga chikolopa, ndipo tosalira timalowa m'mapilo ndi m'makushoni.

Kuwerengera mtengo

Amisiri ambiri amagwa osati chifukwa chosadziwa kusoka, koma chifukwa chosadziwa kuwerengera. Tiyeni tingoyerekeza, podziwa kuti mitengo imasinthasintha. Tinene kuti jinzi yotsala pamulu yagulidwa K1,500, nsalu ya m'kati ndi ulusi zadya K800, sopo ndi makala a simbi K300, ndipo thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika, zikagawidwa pa katundu yense, zikukwana K400. Ndiye kuti chikwamacho chadya K3,000 wosoka asanadzilipire. Akachigulitsa K3,500 poganiza kuti wapindula K500, ndiye kuti wagwira ntchito ya theka la tsiku pafupifupi mwaulele, ndipo singano ikathyoka alibe pogwira. Pamtengo payenera kulowa malipiro a nthawi yake ndi kangachepe kosungira makina. Wophunzira aliyense akhale ndi kope lolembamo zolowa ndi zotuluka kuyambira tsiku loyamba, ndipo amene sadziwa bwino kulemba ndi kuwerengera athandizidwe pa zimenezi monga gawo la maphunziro omwewo.

Msika uli kuti?

Funso ili lifunsidwe maphunziro asanayambe, osati atatha. Telala wa kumudzi sangapikisane ndi kaunjika pa malaya ndi mathalauza wamba. Apambane pa zinthu zimene m'belo simupezeka kawirikawiri, kapena zimene zimafuna muyeso wa munthu.

Choyamba ndi zikwama za mabuku, pakuti ana ambiri a m'sukulu za pulayimale amanyamula makope m'majumbo amene amang'ambika mvula ikagwa. Chachiwiri ndi zikwama zogulira zinthu pamsika. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pamene lamuloli likutsatidwa, chikwama cha nsalu chimakhala ndi malo ake. Chachitatu ndi mapadi ochapa, amene amathandiza atsikana kusajomba kusukulu, koma awa amafuna nsalu yoyera ya thonje ndi ukhondo waukulu, choncho asokedwe motsatira malangizo a alangizi a zaumoyo. Chachinayi ndi zipewa za khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali a anthu achialubino, pakuti nsalu yothinana ngati ya jinzi imatchinga bwino dzuwa. Palinso ntchito yochepetsa ndi kukonza zovala za kaunjika zimene anthu agula tsiku la msika, ndipo iyi ndi imene imabweretsa ndalama ya tsiku ndi tsiku.

Wosoka adziwenso nyengo. Kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma ndalama imayenda kwambiri anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, soya ndi mtedza. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale malonda amazizira. Nzeru ndi kusoka ndi kusunga katundu m'miyezi yovutayo, kuti nthawi yokolola ndi yotsegulira sukulu imupeze ali ndi zogulitsa.

Zovuta zimene tisazibise

Choyamba ndi manyazi. Ena amati chosokedwa ndi zidutswa ndi cha amphawi. Maganizo amenewa samatha ndi mawu, amatha ndi ubwino wa katundu. Chikwama chosokedwa mokhota chimatsimikizira onyozawo, pamene chosokedwa bwino chimawatseka pakamwa.

Chachiwiri ndi maphunziro a chiphamaso. Taonapo m'madera ambiri achinyamata akuphunzitsidwa masabata ochepa, kupatsidwa makina pamwambo wa zithunzi, kenako osayenderedwanso. Pakapita miyezi makinawo amagulitsidwa kuti pakhomo pagulidwe chimanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: luso la manja limafuna miyezi yambiri ya kuchita mobwerezabwereza pansi pa diso la mmisiri.

Chachitatu ndi kuchulukana pamalo amodzi. Achinyamata 20 akaphunzira chinthu chimodzi n'kukhala pakhonde limodzi, amangolandana makasitomala. Ndi bwino gulu ligawane ntchito, ena kusankha ndi kuchapa nsalu, ena kudula, ena kusoka, ena kuyenda ndi katundu m'misika yosiyanasiyana.

Chachinayi ndi chitetezo cha ophunzira. Mtsikana wophunzira kwa mmisiri asasanduke wantchito wosalipidwa, ndipo asachitiridwe nkhanza ya mtundu uliwonse. Pakhale mgwirizano womveka pamaso pa makolo ndi a komiti wonena kutalika kwa maphunziro, zimene aphunzire, ndi gawo lake pa zimene wasoka zikagulitsidwa. Komanso utelala usakhale chifukwa chochotsera mwana sukulu. Kuyambira mu 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, ndipo amene angathe kubwerera alimbikitsidwe kutero.

Mbali yathu m'mawadi

Malinga ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998, chitukuko chimayambira m'mudzi. Zofuna za anthu zimakambidwa ku komiti ya VDC, zimapita ku komiti ya ADC, kenako zimafika ku khonsolo kuti zilowe m'mapulani a chitukuko a boma lonse. Nthawi zambiri pamisonkhano imeneyi timatchula milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu, zomwe n'zofunikadi, koma maphunziro a ntchito zamanja a achinyamata otsalira satchulidwa chifukwa eni ake sabwera kumisonkhano, kapena akabwera amakhala kumbuyo osayankhula. Chimene sichinalembedwe m'pulani ya mudzi n'chovuta kuti chipeze thandizo.

Pali zinthu zimene tingayambe popanda kudikira ndalama za kunja. Makomiti, mothandizana ndi mafumu, alembe mayina a achinyamata amene sali pasukulu ndipo alibe ntchito, osaiwala aulumali amene amabisidwa m'nyumba. Alembenso atelala aluso a m'deralo amene angavomere kuphunzitsa, ndi makina amene akungokhala m'nyumba, m'mipingo ndi m'magulu a amayi. Atelala ndi ogulitsa kaunjika apemphedwe kusunga zotsala m'matumba m'malo mozitentha. Magulu a banki m'khonde aganizire zolandira achinyamatawa kuti adzapeze pobwereka mpamba wochepa. Makomiti a sukulu, mipingo ndi mabanja agule kwa iwo zikwama, makatani ndi zofunda pamene katunduyo ali wabwino.

Kudzera mwa khansala wa wadi yanu, ofesi ya achinyamata ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo, magulu angafunse za mwayi wa maphunziro umene ulipo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, lili ndi ndondomeko zothandiza ophunzira ntchito kunja kwa sukulu zikuluzikulu, komanso njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu analiphunzira kwa mmisiri. Satifiketi yotere imatsegula makomo a ntchito ndi a maoda akuluakulu amene munthu wopanda pepala sangawafikire.

Mutu umodzi susenza denga. Telala ali ndi luso, wogulitsa kaunjika ali ndi nsalu yotsala, mpingo uli ndi chipinda, komiti ili ndi mawu ku khonsolo, ndipo wachinyamata ali ndi manja ndi nthawi. Pamsonkhano wotsatira wa VDC m'mudzi mwanu, nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana, ndipo achinyamata eni ake aitanidwe kuti adzayankhule okha.